Mwalimu Sisiliya ndi Njerwa za ku Yofu

Mwalimu Sisiliya, mphunzitsi wathu wakale, tinawaika m'manda kwathu kuno ku Likoma Lachiwiri, masabata awiri apitawo, ndipo amene anayankhula m'malo mwa banja anali a Barnaba, mlamu wawo, mng'ono wa malemu amuna awo. Anaimirira pafupi ndi bokosi atavala jekete lakuda, nati mudzi wa Yofu wataya mayi wophunzira, mayi wachilungamo, ndipo sitidzawaiwala mpaka kalekale. Anthu anavomera chapansipansi. Ine ndinali kumbuyo, pamodzi ndi amene ananyamula makasu, nditazolika. Pa gulu lonselo tinalipo awiri okha amene tinkadziwa bwino zimene mayiwa anachitidwa: amene ankayankhulawo, ndi ine.

Sindinama kuti tinkawakonda. Anali aatali, oonda, osaseka wamba. Ankayenda ndi ambulera yakuda ngakhale kumwamba kuli mbee, ndipo Lamulungu lililonse ankachoka ku Yofu wapansi, nsapato zili m'manja, n'kukazivalira pakhomo la tchalitchi ku Chipyela. Anaphunzitsa Chingerezi mu Sitandade 7 ndi 8 zaka zoposa makumi atatu. Theka la amuna amene anakumba manda awo ali ndi nkhani ya lula yawo, imene ankamenyera cham'mbali, pa mfundo za zala. Inenso ndili nayo.

Koma phunziro limodzi palibe amene analiiwala, ngakhale aja amene sukulu anaisiyira panjira n'kupita kukakoka makoka. Linali phunziro la mmene Mngerezi amanenera zinthu zam'tsogolo. Ankati Mngerezi ali ndi njira zingapo zonenera za mawa, ndipo munthu wanzeru amayamba wamvetsera njira imene mnzake wasankha asanakondwere ndi zimene akumulonjeza. Mawu aja akuti "will", ankatero, ndi opepuka. Munthu amawatulutsa pomwepo, maganizo atangomubwerera, mwina chifukwa cha chisoni, mwina pofuna kuti umusiye apite. Akafika pa "going to" ankatitulutsa panja tonse, n'kutilozera mapiri a ku Cobue kutsidya kwa nyanja. Ngati mitambo yada pamwamba pa mapiriwo ndipo mphepo yatembenuka, ankati pamenepo ukhoza kunena kuti "it is going to rain", chifukwa maso ako aona chizindikiro. Chimodzimodzi munthu amene anaganiza kale mumtima n'kuyamba kukonzekera. Koma wonena kuti "I am leaving on Friday", ameneyo tikiti ili kale m'thumba ndipo womulandira akudziwa. Panalinso njira ya zinthu zolembedwa pa ndandanda, monga "the ship leaves on Saturday". Apa pokha ndi pamene ankamwetulira. Ankati amene analemba lamulo limeneli sanagonepo pamchenga ku Chipyela masiku awiri kudikira sitima. Tinkaseka kwambiri, poti mpata woseka m'kalasi mwawo unali womwewo.

Ankatinso tisaganize kuti nzeru imeneyi ndi ya azungu okha. Chinyanja chathu chomwechi chili nayo. "Ndibwera" ndi "ndidzabwera" si mawu amodzi. Kachidutswa kaja ka "dza" ankati ndi kamene anthu amabisalamo akafuna kukana mwaulemu. Iwo sankabisalamo. Ukawaitanira ku ukwati ankayankha kuti abwera kapena sabwera, basi, ndipo anthu ambiri ankaona ngati ndi mwano.

Khalidwe limeneli linawapweteketsa ndi m'nyumba mwawo momwe. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Petro, anapita ku Joni ali mnyamata. Chaka ndi chaka ankalemba kalata m'Chingerezi, pofuna kusangalatsa mayi ake, kuti adzabwera pa Khirisimasi. Chaka china Mwalimu anatenga cholembera chofiira, n'kudula mzere pansi pa "will", n'kulemba m'mbali kuti awauze tsiku ndi basi imene akwere, kapena asiye kuwavutitsa mtima. Kalatayo anaibweza ku Joni. Petro anakhala zaka ziwiri osalembanso. Anthu atawadzudzula kuti mwana sachita naye choncho, anangoti zaka ziwirizo ndi zokhazo zimene sanakonze chipinda chake pachabe. Koma mlongo wanga, amene ankawatungira madzi nthawi imeneyo, amati tsiku lililonse la sitima ankapeza chifukwa chopitira ku Chipyela.

Mu 1994, sukulu itakhala yaulere, ana anatuluka m'nyumba zonse ngati ngumbi. Ena anali ndi zaka khumi ndi ziwiri asanagwirepo pensulo. Zipinda sizinakwane, aphunzitsi sanakwane. Mwalimu anali atapuma kale ntchito, koma anabwerera okha popanda wowapempha, ndiponso popanda malipiro. Anapatsidwa ana oposa makumi asanu ndi atatu pansi pa mlambe, bolodi atalitsamiritsa pa thunthu. Mwera ukamawomba, bolodilo linkagwa. Mvula ikabwera, sukulu yatha. Anapirira choncho zaka zinayi, ndipo nthawi imeneyo anthu ankawatamanda.

Kenako kunabwera alendo atatu ochokera kunja, amuna awiri ndi mayi mmodzi, a bungwe lina limene sinditchula. Anatsika sitima n'kumayendera masukulu a pachilumba. A Barnaba anali wapampando wa komiti ya sukulu, ine ndinali mlembi, chifukwa ndinkalemba zooneka bwino ndipo Chingerezi ndinkachimva. Tinasesa bwalo, tinabwereka mipando ku tchalitchi, amayi anaphika chambo ndi mpunga. Za wotanthauzira panalibe kukambirana. Pa Yofu yense panalibe woposa Mwalimu Sisiliya.

Ana anaimba, a Barnaba anafotokoza mavuto athu, Mwalimu akutembenuza mawu bwinobwino. Kenako mkulu wa alendowo, bambo wamtali wofiira khosi chifukwa cha dzuwa, anaimirira. Anayang'ana ana atakhala pafumbi, ndipo ndikhulupirira kuti chisoni chake chinali chenicheni. Anati zimene waona zamukhudza, nawonjezera kuti, "We will build classrooms here."

Amene anamva liwu loti "classrooms" anayamba kuwomba m'manja. Mwalimu sanatanthauzire. Anatembenukira kwa mlendoyo n'kumufunsa m'Chingerezi, modekha, ngati mmene ankafunsira mwana pa bolodi. Anamufunsa ngati akunena chinthu chimene anakonza kale, ndalama zilipo ndi mwezi woyambira ukudziwika, kapena ngati ndi maganizo amene angomufikira poona anawo. Anati akufunsa chifukwa anthu awa akamva kuti kumangidwa, mawa lomwe ayamba kuumba njerwa.

Bamboyo anaseka pang'ono, nayang'ana anzake. Kenako anayankha moona mtima kuti ayenera kubwerera kwawo kukakambirana ndi akuluakulu ake, kuti sangalonjeze, koma ali ndi chiyembekezo chachikulu.

Mwalimu anatembenukira kwa ife. "Akuti atimvera chisoni. Akuti akakambirana ndi akuluakulu awo. Mwezi sanatchule, ndalama sananene kuti zilipo. Musaumbe njerwa."

A Barnaba anadzuka pampando, nkhope itasintha.

"Alamu, tanthauzirani zimene anena alendo. Zanuzo mukanene kunyumba."

"Ndatanthauzira, alamu. Kapena mukufuna ndiwonjezepo zimene sananene?"

"Tonse tamva kuti atchula makalasi!"

"Atchuladi. Inenso ndikhoza kutchula ndege, koma simukwera."

Ena anaseka, ndipo kusekako n'kumene kunawapsetsa mtima a Barnaba. Anandiyang'ana ine pamene ndinakhala ndi kope langa la komiti.

"Lenadi, iwenso unapita kusukulu. Tauza anthu. Poyamba paja mlendoyu anati chiyani?"

Ndinaimirira. Maso onse anali pa ine, ndi a Mwalimu omwe. Ndinati, "Anati adzatimangira makalasi."

Sindinaname. Liwu ndi liwu, ndi zomwezo zimene bamboyo ananena poyamba. Koma ndinkadziwa zimene ananena pambuyo pake, ndipo ndinkadziwa kusiyana kwake, chifukwa anandiphunzitsa ndi mayi omwewo amene anali ataima patsogolo panga. Nthungululu zinalira. Alendowo, posamva chimene chachitika, anamwetulira n'kuwomba nawo m'manja. Mwalimu anatenga ambulera yawo n'kukakhala kumbuyo, ndipo ine ndinamaliza kutanthauzira msonkhanowo. Alendo atachoka, a Barnaba anauza anthu kuti ayambe kuumba njerwa.

Amene sanakhalepo pa Likoma sangamvetse kuti njerwa ndi chiyani kwa ife. Chilumba chathu ndi miyala ndi mchenga. Dothi logwira tinkalitenga kutali, cha ku Mbungo, pamutu. Madzi amayi ankatunga kunyanja, kukwera nawo chitunda. Nkhuni zowotchera pachilumba palibe, ndiye nyumba iliyonse inapereka usipa wouma kuti tisinthanitse ndi nkhuni kwa amalonda a ku Cobue obwera pa mabwato a matanga. Usipa umenewo ndi umene mabanja akanadya m'miyezi ya njala. Chilimwe chonse chinathera pamenepo, minda ya chinangwa ikudikira. Mayi wina, Agnesi, wa ana asanu, anaterereka pamiyala atasenza ndowa ya dothi, nathyoka mwendo pafupi ndi chiuno. Mpaka lero amayenda chotsimphina.

Mwalimu sanaumbe njerwa ngakhale imodzi. Ankaphunzitsa pansi pa mlambe wawo, ife tikudutsa ndi zikombole. Tsiku lina anaimitsa amayi panjira n'kuwapempha kuti ayambe abzala chinangwa, njerwa zidikire kalata. Amayiwo anangowalambalala.

Nkhuni zinakwanira uvuni umodzi wokha. Njerwa zina zonse tinaziunjika zosawotcha, titaziphimba ndi udzu, podikira kuti alendo akabwera atithandize. Sitima inabwera, inapita, inabweranso. Mvula yoyamba inagwa usiku umodzi wokha mwamphamvu, ndipo m'mawa tinapeza milu ija itasanduka phala lofiira likuyenderera kunjira. Amayi ena analira ngati pamaliro. Zowotcha zija zinakhala chaka, kenako zinayamba kuchepa imodziimodzi. Wina anamangira bafa, wina khola la nkhunda. Inenso ndinatengako zokonzera khonde langa.

Anthu akavutika chonchi amafuna munthu woti amuloze. Sindikudziwa amene anayamba, koma pofika Khirisimasi nkhani inali itakhazikika m'mudzi monse: alendo aja anali okonzeka kumanga, koma Sisiliya anawachititsa manyazi ndi mafunso ake pamaso pa anthu, ndiye anakwiya n'kukamanga kwina. Ankati Chingerezi chinawalowa m'mutu. Ankati ankafuna kuonetsa kuti amadziwa kuposa mwini chinenero. Ana anayamba kuwaitana kuti "Agoingitu", potengera "going to" uja, akamadutsa, akuluakulu osawaletsa. Ku tchalitchi, benchi imene ankakhala inkatsala ndi malo mbali zonse ziwiri. Agnesi, atayamba kuyenda ndi ndodo, anakumana nawo pamsika ku Chipyela n'kulavula pansi patsogolo pa mapazi awo.

"Mwendo wangawu ndi wanu, Amwalimu," anatero.

"Ndinakuuza kuti usasenze dothi, mwanawe."

"Mukanatseka pakamwa, bwenzi ana anga akuphunzira m'nyumba!"

Mwalimu anagula mchere wawo n'kubwerera.

Komiti inakumana n'kugwirizana kuti apume. Kalata yowathokoza chifukwa cha ntchito yawo, ndi kuwapempha kuti asabwerenso pansi pa mlambe, ndinalemba ndine, ndi dzanja langa lokongola lija. Ndinakaipereka ndekha. Anaiwerenga ataimirira pakhomo, n'kundionetsa pamene ndinaiwala mpumiro, n'kuipinda.

Patapita miyezi ingapo kunabwera kalata yochokera kunja, yolembera wapampando. A Barnaba anandiitana kugolosale kwawo masana, natseka chitseko, nati ndiwawerengere. Inali yaifupi. Bambo wamtali uja ankapepesa kuti akuluakulu ake anali atasankha kale, iye asanabwere n'komwe ku Likoma, kuti ntchito yawo ya zaka zimenezo ipite kudziko lina. Anati iye analankhula mopupuluma tsiku lija chifukwa cha chisoni. Ndipo kumapeto anapempha kuti timuthokozere mayi amene ankatanthauzira, chifukwa funso lawo linamuletsa kulonjeza zimene sakanatha, ndipo ankakhulupirira kuti chifukwa cha mayiwo palibe amene anavutika pachabe.

Nditamaliza, a Barnaba anayamba kupukuta sikelo imene inali yoyera kale.

"Wamva iwe, ndamva ine. Zathera pano."

"Koma bambo, anthu akuwanena Amwalimu."

"Ukufuna anene ndani? Anauza anthu kuti aumbe njerwa ndani? Ndipo anaimirira pabwalo n'kunena kuti adzatimangira ndani? Ukawerenga kalata iyi pamsonkhano, Agnesi akalavulira iwe."

Anandipatsa kalatayo kuti ndiisunge m'mabuku a komiti. Ndinaiika pansi m'sutikesi mwanga. Ndinadziuza kuti ndidikira mitima izizire kaye.

Zaka zinapita. Makalasi anamangidwa ndithu pambuyo pake, ndi anthu ena, mwa njira ina, ndipo zimenezo sizinawachotsere Mwalimu mlandu. Anthu ankangoti tikanakhala nawo kale. Dzina lachipongwe lija linakhala, mpaka ana obadwa pambuyo ankaganiza kuti ndi dzina lawo lenileni. Iwo sanadandaule kwa aliyense. Anasiya kupita kumisonkhano, anasiya kuimba nawo m'gulu la amayi. Ana awiri kapena atatu ankapitabe kwawo mobisa mayeso akayandikira, makolo akunamizira kuti sakudziwa, ndipo anawo ankakhoza.

Chaka chathachi ndinamva kuti maso awo ayamba kuchita khungu. Ndinatenga kalata ija n'kupita. Ndinawapeza pakhonde m'mawa, akusenda chinangwa chovuula ndi zala, poti mpeni sankauonanso bwino.

"Ndani?"

"Ndine Lenadi, Amwalimu."

"Mlembi. Khala pamwalapo, mpando unathyoka."

Ndinawawerengera kalata yonse, m'Chingerezi momwemo. Manja awo anaima. Atamva mawu omaliza anandiuza kuti ndibwereze, ndipo ndinabwereza.

"Inabwera liti?"

Ndinawauza.

"Zaka zisanu ndi zinayi," anatero. Sanakweze mawu. "Inali kuti?"

"M'sutikesi mwanga."

"Siinadyedwe ndi njenjete. Umasamala zinthu."

Ndinayamba kupepesa, kufotokoza za a Barnaba, za mantha anga, za ana anga amene anali aang'ono nthawi imeneyo. Anandidula.

"Usandiuze za alamu anga, ndimawadziwa kuyambira ali ndi makabudula. Inenso ndili ndi kulakwa kwanga. Ndikanatha kudikira alendo achoke, n'kuwauza anthu patokha. Ndinawachititsa manyazi alamu pagulu, ndipo ndinkadziwa kuti sangabwerere m'mbuyo. Zimenezo ndaziganiza usiku wambiri. Koma iwe, Lenadi, unamva zonse ziwiri. Unasankha yokoma."

"Ndinalakwa, Amwalimu."

"Nanga tsopano? Wabwera kudzandiwerengera ine. Ine ndinkadziwa kale zimene mzunguyo ananena, ndinalipo. Amene sakudziwa ndi Agnesi. Lamulungu anthu akatuluka m'tchalitchi amaima pabwalo kumva zolengeza."

"Ndidzawauza," ndinatero.

Anaseka. Aka kanali koyamba kuwamva akuseka mokweza, ndipo sikunali kuseka kokoma.

"Ndinakumenya zala pachabe," anatero. "Pita bwino, mlembi."

Lamulungu limenelo ndinapita ndi kalata m'thumba la malaya. Zolengeza zinali zambiri, dzuwa linali litakwera, a Barnaba anali ataima pafupi ndi khomo. Ndinati sabata yamawa. Sabata yamawayo kunali ubatizo. Kenako mvula inayamba, kenako mkazi wanga anadwala. Mwalimu anamwalira m'chipatala ku Chipyela patatha miyezi khumi, ndipo pa Malamulungu onsewo panalibe limene ndinatsegula pakamwa. Petro anafika maliro atatha masiku atatu, chifukwa cha sitima. Ndinamupatsa kalatayo padoko pamene ankabwerera. Anaiwerenga, anandiyang'ana, n'kuiika m'chikwama. Choncho ngakhale umboni ndilibenso. Zatsala ndi zimene ndalemba panozi, ndipo amene akufuna kunena kuti ndapeka akhoza kutero.

Dzulo ndinadutsa pakhomo pawo. Petro anakhoma mawindo ndi matabwa a bwato lakale, chitseko anachimanga ndi chingwe cha ukonde. Achibale anagawana kale ziwiya. Pathandala panja patsala chinangwa chimene anayanika asanapite kuchipatala. Palibe amene anachianula, chada ndi nkhungu, ndipo ngakhale mbuzi zikuchisiya. Mbali ina ya khoma la khonde, pamene pulasitala ndi wosalala, ndi yakuda ndi makala kufika msinkhu wa mwana, pomwe ana ankalemba n'kufufuta ndi manja. Njira yochokera kumsewu waukulu kupita pakhomopo inali yopapatiza kale, poti oyendamo anali ochepa. Papita masabata awiri okha, koma chisoso chayamba kale kutsekera pakati.